Mother Love Bone: gulu la ku Seattle limene linatha chimbale chake chisanatuluke

Bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Iwo akuti akhala akumvera nyimbo za Pearl Jam kwa zaka zambiri, ndipo posachedwapa anamva kuti awiri mwa anthu amene anayambitsa gululo anali kale m'gulu lina lotchedwa Mother Love Bone, limene linatha woimba wake atamwalira. Poyamba akufuna kudziwa kuti gulu limeneli linali la ndani ndipo linatha bwanji. Kenaka akufunsa mosapita m'mbali kuti kodi gululi linalidi laluso, kapena anthu amangolitama chifukwa cha chisoni cha imfayo ndiponso chifukwa cha kutchuka kwa Pearl Jam.

Bambo, ndathokoza chifukwa cha mafunsowa, makamaka lachiwirilo, pakuti ndi limene anthu ambiri amalizemba akamakamba za gulu limeneli. Yankho langa ndi lakuti Mother Love Bone linali gulu laluso ndithu, ngakhale kuti linali lisanakhwime, ndipo munthu amene amalimvera pongofuna kupezamo chiyambi cha Pearl Jam sangamve chimene linali. Gululi linakhalapo kuyambira kumayambiriro kwa 1988 mpaka mu Malichi 1990, ndipo linasiya kachimbale kamodzi ka nyimbo zochepa ndi chimbale chimodzi chathunthu. Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambire pa magulu awiri amene linachokerako.

M'zaka za m'ma 1980, mzinda wa Seattle, umene uli m'chigawo cha Washington kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, sunkawerengeredwa pa nkhani ya nyimbo. Makampani akuluakulu ojambula ndi kugulitsa nyimbo anali ku Los Angeles ndi ku New York, ndipo oimba ambiri oyendayenda ankaona kuti Seattle ndi kutali. Achinyamata a mumzindawo ankangoimbirana okhaokha m'timabala ndi m'timaholo, moti amene ali pansanja lero ndi amene ankadzakhala pakati pa oonerera mawa lake. Ambiri mwa iwo anakulira pa nyimbo za punk, zimene zinkanyoza kudzikometsa ndi kufuna kutchuka, koma akakhala kunyumba ankamveranso Black Sabbath, Kiss ndi Aerosmith. Kusakanikirana kwa mitundu iwiriyi ndi kumene kunabala kaimbidwe kolemera ndi kokhakhala kamene pambuyo pake kanadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti grunge. Mu 1986 kampani yaing'ono ya C/Z Records inatulutsa chimbale chotchedwa Deep Six, chimene chinasonkhanitsa magulu 6 a m'deralo. Pakati pa maguluwo panali Soundgarden ndi Melvins, komanso awiri amene nkhani yathu ikuchokera, Green River ndi Malfunkshun.

Green River inayamba mu 1984. Woimba wake anali Mark Arm, pa gitala panali Steve Turner ndi Stone Gossard, pa gitala ya besi panali Jeff Ament, ndipo pa ng'oma panali Alex Vincent. Turner anachoka mu 1985 chifukwa sankakondwa ndi mmene nyimbo za gululo zinkapendekera ku heavy metal, ndipo m'malo mwake munalowa Bruce Fairweather, mnzake wakale wa Ament. Kachimbale kawo ka mu 1987, Dry as a Bone, kali m'gulu la zimbale zoyambirira zimene kampani ya Sub Pop inatulutsa, ndipo anthu ambiri amakaona ngati chimodzi mwa ziyambi za grunge. Koma m'kati mwa gululo munali maganizo awiri osiyana. Arm ankakhutira ndi kuimba mwaufulu pansi pa kampani yaing'ono, pamene Ament ndi Gossard ankafuna mgwirizano ndi kampani yaikulu kuti nyimbo ikhale ntchito yowadyetsa.

Kusiyana maganizo kumeneku kunaonekera poyera mu Okutobala 1987, gululi litapita ku Los Angeles kukatsegulira zoimbaimba za gulu la Jane's Addiction. Pa zoimbaimba zotere gulu lililonse limapatsidwa mndandanda wa anthu amene lingawalowetse ulere. Arm ankafuna kulembapo anzake, koma Ament anali atadzazapo maina a akuluakulu a makampani a nyimbo, poyembekezera kuti abwera kudzawaona. Amene anabwera anali ochepa kwambiri. Usiku womwewo Ament ndi Gossard anatengeka mtima ndi mmene Jane's Addiction inaimbira ndi mmene khamu linailandirira, pamene Arm sanaonepo chodabwitsa. Atabwerera kwawo, pa 31 Okutobala 1987, Ament, Gossard ndi Fairweather anauza anzawo kuti akuchoka, ndipo Green River inathera pomwepo. Arm anagwirizananso ndi Turner n'kuyambitsa Mudhoney. Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi yakhala ikusimbidwa ngati kuti mbali imodzi inali ya anthu okonda nyimbo moona ndipo inayo inali ya okonda ndalama, koma ine sindivomereza kaonedwe kameneka. Ament anachokera ku tauni yaing'ono ya Big Sandy ku Montana, ndipo ku Seattle ankagwira ntchito m'malo ogulitsira khofi kuti apeze zolipirira nyumba. Munthu wotere akafuna kudya thukuta la gitala yake, sanalakwire aliyense.

Malfunkshun inali yosiyana kwambiri ndi Green River, ndipo kusiyanako kunali Andrew Wood. Iye anabadwa pa 8 Januwale 1966 ku Columbus m'chigawo cha Mississippi, koma anakulira pachilumba cha Bainbridge, chimene chili kutsidya la madzi kuchokera ku Seattle. Mu 1980, ali ndi zaka 14, anayambitsa Malfunkshun pamodzi ndi mkulu wake Kevin Wood, amene ankaimba gitala, ndipo pambuyo pake Regan Hagar anakhazikika pa ng'oma. Andrew ankaimba mawu komanso gitala ya besi. Anthu amene iye ankawasirira anali Freddie Mercury, Elton John, Marc Bolan ndi a gulu la Kiss, oimba amene ankakwera pansanja atavala zonyezimira ndipo sankachita manyazi kuti dziko lonse liwaone. Wood anadzipatsa dzina la pansanja lakuti Landrew the Love Child, ankadzipaka nkhope yonse zoyera, ndipo nyimbo zake ankati ndi rock ya chikondi. Panthawi imene magulu ena a heavy metal ankanyadira nambala ya 666 pofuna kuopseza anthu, iye anadzisankhira 333 monga chizindikiro chotsutsana nayo.

Anthu amene anamuona akuimba amasimba chinthu chimodzi mofanana. Wood ankakwera pa kansanja ka m'bala mmene muli anthu owerengeka, ambiri a iwo anzake omwe, koma ankalankhula ngati ali m'bwalo lamasewero lodzaza. Ankapereka moni kwa anthu okhala m'mipando yam'mwamba, m'nyumba mmene mulibe mipando yam'mwamba, n'kumalozera kutali kumene kunali khoma lokhalokha. Anali ngati mlaliki amene wapeza anthu ochepa m'kachisi koma akulalikira ndi mphamvu zonse ngati kuti anthu adzaza mpaka panja. Oonerera ankaseka, ndipo iye mwini ankadziwa kuti n'zoseketsa, koma pansi pa nthabwalayo panali chikhulupiriro chenicheni chakuti tsiku lina bwalolo lidzakhalapodi. Mumzinda mmene oimba ambiri ankakwera pansanja ndi zovala zomwe achokera nazo kunyumba, n'kumayang'ana pansi, munthu wotereyu akanatha kudedwa. Sanadedwe, chifukwa anali wansangala ndi wokonda anthu, ndipo ngakhale amene sankakonda nyimbo zake ankamukonda iyeyo. Kwa kanthawi anakhala nyumba imodzi ndi Chris Cornell wa Soundgarden, ndipo awiriwa ankalimbikitsana popeka nyimbo. Koma panthawi yomweyo Wood anali atayamba kale kuvutika ndi mankhwala osokoneza bongo, moti mu 1985, asanakwanitse zaka 20, anakagonekedwa kumalo othandiza anthu kusiya mankhwalawo.

Green River itangotha, Ament, Gossard ndi Fairweather anayamba kuimba ndi Wood. Poyamba ankadzitcha Lords of the Wasteland, ankaimba nyimbo za anthu ena, ndipo pa ng'oma panali Hagar. Kumayambiriro kwa 1988 Hagar analowedwa m'malo ndi Greg Gilmore, amene anaimbako kale mu 10 Minute Warning ndi Skin Yard, ndipo dzina linasintha kukhala Mother Love Bone. Zinthu zinayenda mofulumira kwambiri. Makampani amene sanabwere ku Los Angeles chaka chathacho anayamba kutumiza anthu awo ku Seattle, Kelly Curtis anakhala woyendetsa zinthu za gululi, ndipo mu Novembala 1988 linasaina mgwirizano ndi kampani ya PolyGram. Amene anatsogolera nkhaniyi kumbali ya kampani anali Michael Goldstone. PolyGram inawapangira kadzina kawokawo kotulutsira zimbale, Stardog, kuti azioneka ngati akadali pansi pa kampani yaing'ono. Mu Malichi 1989 kachimbale kawo koyamba, Shine, kanatuluka, ndipo anayendera mizinda ya ku America akutsegulira zoimbaimba za gulu la ku Britain lotchedwa The Dogs D'Amour.

Muyenera kukumbukira kuti panthawiyi Nirvana, gulu lina la m'chigawo cha Washington, inali isanatulutse ngakhale chimbale chake choyamba, chimene chinadzatuluka mu Juni 1989 pansi pa Sub Pop. Pamodzi ndi Soundgarden, imene inapita ku A&M, Mother Love Bone inali m'gulu la oyamba a m'badwo umenewo kulowa m'makampani akuluakulu, ndipo anthu ambiri a m'makampaniwo ankakhulupirira kuti ngati pali gulu la ku Seattle limene lidzaphulike, ndi limeneli. Kwawo ku Seattle ena ankalinyoza kuti lagulitsa mzimu wake. Pamenepa pali funso limene inu simunalifunse koma n'logwirizana ndi mafunso anu: kodi nyimbo zawo zinali za grunge? Anthuwo anali a m'banja la grunge, koma kaimbidwe kawo kanali pafupi kwambiri ndi Aerosmith, Led Zeppelin ndi T. Rex kusiyana ndi Mudhoney. Magitala a Gossard ndi Fairweather ali ndi kayendedwe kovinitsa, ng'oma za Gilmore n'zaudongo, ndipo mawu a Wood ndi okwera, otulukira pang'ono m'mphuno, odzaza ndi maina ndi zithunzi zimene ankazipeka yekha. Chimene chinawasiyanitsa ndi magulu a tsitsi lalitali a ku Los Angeles a nthawi imeneyo n'chakuti Wood, pakati pa kudzionetsera konseko, ankatha kutembenuka mwadzidzidzi n'kuimba za mantha ake mosabisa.

Umboni waukulu wa zimenezi uli mu nyimbo imene ili pa Shine, yotchedwa Chloe Dancer/Crown of Thorns, imene kwenikweni ndi nyimbo ziwiri zolumikizidwa, zotalika mphindi zoposa 8. Imayamba ndi piyano, imene Wood mwini ankaimba, ndi mawu ake okha, otsika ndi osakometsa, ngati munthu amene akulankhula ndi mnzake m'chipinda. Kwa mphindi pafupifupi ziwiri palibe ng'oma. Kenaka piyanoyo imazilala, gitala imalowa mwakachetechete ikubwereza kachigawo kamodzimodzi, besi ya Ament imabwera pansi pake, ndipo nyimboyo imakwera pang'onopang'ono, osathamanga, mpaka pamene magitala onse awiri amatseguka ndipo mawu a Wood amakwera pamwamba pawo. Mawu a nyimboyi akunena za chikondi chimene chikuwonongeka m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti wowononga ndi iye mwini, ndipo ambiri amene ankamudziwa amaimva ngati kulankhula kwake pa vuto la mankhwala. Chimene ndikufuna mugwire apa, bambo, n'chakuti nyimboyi inajambulidwa ndi kutulutsidwa Wood ali moyo, chaka chathunthu asanamwalire. Kukoma kwake sikunabwere ndi maliro. Mnyamata wa zaka 22 anaipeka, anzake anayi anadziwa nthawi yolowa ndi nthawi yokhala chete, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu aluso.

Chakumapeto kwa 1989 gululi linapita ku Sausalito m'chigawo cha California, ku situdiyo yotchedwa The Plant, kukajambula chimbale chathunthu ndi katswiri wojambula nyimbo Terry Date. Chimbalecho anachitcha Apple, ndipo chinali ndi nyimbo 13. Panthawiyi Wood anali atabwereranso ku mankhwala osokoneza bongo otchedwa heroin, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anakalowanso kumalo othandiza anthu osuta ndi kubaya mankhwala, pofuna kuti chimbale chikamatuluka akhale ali bwino. Anatulukako, anakhala kwa kanthawi osagwiritsa ntchito mankhwalawo, ndipo anzake anali ndi chiyembekezo. Apple inakonzedwa kuti ituluke mu Malichi 1990. Pa 16 Malichi, chibwenzi chake chinamupeza ali chikomokere kunyumba atagwiritsa ntchito heroin wopyola muyeso. Anathamangira naye ku chipatala cha Harborview ku Seattle, kumene anamuika pa makina othandiza kupuma. Patapita masiku atatu madokotala anaona kuti ubongo wake wasiya kugwira ntchito, makinawo anazimitsidwa, ndipo Andrew Wood anamwalira pa 19 Malichi 1990 ali ndi zaka 24. Ngozi imeneyi imachitikira anthu ambiri amene asiya heroin kwa kanthawi, chifukwa thupi limakhala litaiwala mlingo umene linazolowera, ndipo muyeso umene kale unkangoledzeretsa umatha kuimitsa kupuma. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amasimba imfa zotere ngati mbali ya ulemerero wa nyimbo za rock. Uyu anali munthu wodwala amene ankayesetsa kuchira.

Kampani inaimitsa kaye chimbalecho, ndipo chinadzatuluka mu Julaye 1990. Olemba nkhani za nyimbo ambiri anachiyamikira, koma panalibe gulu loti liyende nacho m'mizinda, choncho sichinagulidwe kwambiri. Magulu ena woimba wawo akamwalira amafuna wina n'kupitiriza ndi dzina lomwelo, monga mmene AC/DC inachitira mu 1980. Anayi otsala a Mother Love Bone sanatero, ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino. Mawu a nyimbozo, nthabwala zake ndi maina achilendo amene ali m'menemo zonse zinali za Wood, moti munthu wina akanangokhala ngati wovala malaya a mwini wake.

Zimene zinatsatira ndi zimene inu mukuzidziwa kale mbali ina. Cornell ananyamuka ndi Soundgarden kupita ku Ulaya patangopita masiku ochepa mnzake atamwalira, ndipo ali pa ulendowo anapeka nyimbo ziwiri zomulira. Atabwerera anapempha Ament ndi Gossard kuti azijambule limodzi. Iwo anabwera ndi Mike McCready, woimba gitala amene Gossard anali atayamba kuimba naye, ndipo Cornell anabwera ndi Matt Cameron, woimba ng'oma wa Soundgarden. Nyimbo ziwirizo zinakula kukhala chimbale chathunthu, chimene anachijambula m'masiku 15 okha ku London Bridge Studio ku Seattle, mu Novembala ndi Disembala 1990. Gululo analitcha Temple of the Dog, dzina limene analitenga m'mawu a nyimbo ya Wood yotchedwa Man of Golden Words. Chimbalecho chinatuluka pa 16 Epulo 1991 pansi pa A&M, ndipo poyamba sichinagulidwe kwambiri. Chinadzaphulika mu 1992, anthu atazindikira kuti m'menemo muli Soundgarden ndi Pearl Jam pamodzi, ndipo chinafika pa nambala 5 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America.

Pearl Jam inabadwa m'miyezi yomweyo. Gossard, Ament ndi McCready anajambula kaseti ya nyimbo zopanda mawu, ndipo Jack Irons, amene kale ankaimba ng'oma mu Red Hot Chili Peppers, anaipereka kwa mnzake wa ku San Diego, Eddie Vedder. Vedder anaikamo mawu ake n'kuibweza, anaitanidwa ku Seattle, ndipo pa 22 Okutobala 1990 gulu latsopanolo linaimba koyamba ku Off Ramp Cafe, likudzitcha Mookie Blaylock. Kelly Curtis anapitiriza kuwayendetsera zinthu, ndipo Goldstone, amene anali atasamukira ku kampani ya Epic, anawatengera kumeneko. Chimbale chawo choyamba, Ten, chinatuluka pa 27 Ogasiti 1991. Gossard ananenapo kuti kaimbidwe ka nyimbo imene inadzakhala Alive ya Pearl Jam anakapeka akadali mu Mother Love Bone, ndipo Wood anali atayeserako kuimbapo. Vedder sanakumanepo ndi Wood.

Tsopano ndibwerere ku funso lanu lachiwiri, ndipo ndiyankhe mosakondera. N'zoona kuti anthu ambiri anamva za Mother Love Bone kudzera mwa ena. Mu 1992 filimu ya Cameron Crowe yotchedwa Singles, imene nkhani yake ikuchitikira ku Seattle, inaika Chloe Dancer/Crown of Thorns pa chimbale cha nyimbo zake, pamodzi ndi nyimbo ya Alice in Chains yotchedwa Would?, imene Jerry Cantrell anaipeka poganizira Wood. Chaka chomwecho PolyGram inasonkhanitsa nyimbo za Shine ndi Apple pa chimbale chimodzi, ndipo chimenecho ndi chimene chinalowa pa mndandanda wa Billboard 200. Popanda kutchuka kwa Pearl Jam, kampaniyo sikanavutika kuchita zimenezo. Pamfundo imeneyi kukayikira kwanu kuli ndi maziko. N'zoonanso kuti Apple si chimbale changwiro. Nyimbo zina zothamanga zimafanana kwambiri, mawu a Wood nthawi zina amangosewera ndi maina okoma m'khutu popanda kufika pa mfundo, ndipo kajambulidwe kake kali ndi kunyezimira kwa zimbale za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kumene lero kumamveka kwachikale. Mukamvera chimbalechi mumamva gulu limene likufunafunabe njira pakati pa phokoso la phwando ndi kulankhula kochokera mumtima, ndipo silinasankhe.

Koma njira imene nyimbo inafikira kwa anthu ndi nkhani ina, ndipo kukoma kwa nyimboyo ndi nkhani inanso. Pamene gululi latsitsa liwiro n'kumupatsa Wood mpata, monga mu Man of Golden Words, Stargazer ndi Bone China, mumamva woimba amene alibe wofanana naye pakati pa anzake a ku Seattle. Cornell anali ndi mawu amphamvu kuposa ake, Kurt Cobain wa Nirvana anali ndi luso lopeka nyimbo zazifupi zogwira msanga, Layne Staley wa Alice in Chains ankaimba za mdima mosaopa, koma palibe mmodzi mwa iwo amene ankasakaniza chisoni ndi chimwemwe monga Wood. Iye ankafuna kuti omvera asangalale, ndipo ankaona kutchuka ngati chinthu chabwino choyenera kuchilakalaka. Ambiri mwa oimba a ku Seattle amene anadzatchuka pambuyo pake ankaoneka ngati kutchukako kukuwalemera, ndipo Vedder mwini anavutika nako kwa zaka zingapo. Munthu mmodzi amene anakonzekera bwalo lalikulu kuyambira ali mwana ndi amene sanalione.

Kodi akanakhala ndi moyo, gululi likanafika pamene Pearl Jam inafika? Maganizo anga ndi akuti njira yake ikanakhala yovutirapo kusiyana ndi mmene okonda gululi amaganizira. Apple ikanatuluka mu Malichi 1990 ndi gulu lamoyo kumbuyo kwake, mwina ikanagulidwa bwino, chifukwa inali pafupi ndi zimene mawailesi a rock ankaulutsa panthawiyo, ndipo Wood anali munthu woyenerera wailesi yakanema ya MTV. Koma pa 24 Sepitembala 1991 Nirvana inatulutsa Nevermind, ndipo m'miyezi yochepa chilichonse chokhala ndi fungo la zonyezimira za m'ma 1980 chinayamba kunyozedwa. Mother Love Bone ikanapezeka pakati, yochokera kumzinda woyenera koma yovala zovala za nyengo imene ikutha. Chimene chikanaipulumutsa ndi mbali ija ya piyano ndi mawu otsika, ndipo chimbale chachiwiri ndi chimene chikanasonyeza ngati akanaitsata. Palinso mfundo ina imene anthu samakonda kuitchula, yakuti kaimbidwe ka Gossard kanakula kwambiri atakumana ndi Vedder ndi McCready. Ten ndi chimbale chokhwima kuposa Apple, ndipo kunena zimenezi sikuchepetsa Wood, amene anamwalira pa msinkhu umene oimba ambiri amakhala asanapeze mawu awoawo.

Anthu awiri amene mbiri imeneyi imawaiwala kawirikawiri ndi Fairweather ndi Gilmore, amene sanalowe mu Pearl Jam. Fairweather anadzaimba gitala ya besi m'gulu la Love Battery, ndipo Gilmore anapitiriza kuimba ng'oma ndi oimba osiyanasiyana a ku Seattle. Mukamamvera Apple, tcherani khutu ku ng'oma za Gilmore, chifukwa kuvinitsa kwa chimbalecho kwagona pa iye. Gossard anasamalira mbali ina ya cholowa cha mnzake potulutsa nyimbo zakale za Malfunkshun mu 1995, pa chimbale cha Return to Olympus, kudzera mu kampani yake ya Loosegroove. Pearl Jam inadikira zaka 10 isanakhudze nyimbo ya Mother Love Bone pansanja. Inaimba Crown of Thorns koyamba pa 22 Okutobala 2000 ku Las Vegas, pa tsiku lokumbukira kuti yatha zaka 10, ndipo kuchokera pamenepo imaiimba mwa apo ndi apo.

Ngati mukufuna kudziweruzira nokha, bambo, musayambe ndi chimbale cha Temple of the Dog, chifukwa chimenecho chimakuphunzitsani kulira munthu amene simunamumve. Yambani ndi Shine, kenaka Apple kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha zothamanga zija ngakhale zina zikutopetseni, popeza m'menemo ndi mmene muli Wood wanthabwala amene anthu a ku Seattle ankamudziwa. Zonsezi zinasonkhanitsidwa mu 2016 pa On Earth As It Is, pamodzi ndi nyimbo zoyeserera zimene zinali zisanatulukepo. Ngati mungapeze filimu ya mu 2005 ya Scot Barbour yofotokoza moyo wake, Malfunkshun: The Andrew Wood Story, muioneretu musanafike ku Temple of the Dog, chifukwa m'menemo mudzamuona Wood ali pansanja ndi kumumva akulankhula yekha, komanso mudzamva abale ake ndi anzake akufotokoza za matenda ake mosabisa.